Kugulitsa pa okushoni ya pa intaneti osatsala kukamwa yasa

Pa okushoni mtengo simumaupanga ndinu ayi, amaupanga ndi anthu awiri amene akulimbirana katundu wanuyo. Akabwera mmodzi yekha basi watenga pa mtengo woyambira inu nkutsala kukamwa yasa. Nde ntchito yanu yonse ndi yoti mukope anthu osachepera awiri, ndipo onsewo akukhulupirireni.

Musanaike chilichonse kaoneni kaye kuti chinthu ngati chanucho chinapita pa zingati. Ambiri amayang'ana mitengo imene anzawo akutchula, komatu kutchula aliyense atha kutchula, pa eBay, webusaiti yotchuka ya okushoni, dinani pamene palembedwa Sold items muone ndalama zimene anthu analipiradi. Mukapeza kuti chinthucho chili mbwee, monga chaja ya foni yatsopano, musavutike ndi okushoni ingoikani mtengo umodzi. Okushoni imakoma pa zinthu zosowa, kamera yakale, wotchi, ndalama zachitsulo zamakedzana, zoti munthu akaziphonya lero sadziwa adzazionanso liti.

Mutu wa malonda pa eBay ndi zilembo 80 zokha, musazitaye ndi zoti WOW kapena yabwino kwambiri, palibe amasaka mawu amenewo. Lembani dzina la kampani, modelo, saizi, mtundu, basi.

Zithunzi nde pagona nkhani. Jambulani nokha masana pafupi ndi windo, kumbuyo kukhale nsalu yopanda maluwamaluwa, mbali zonse, pansi, lebulo, nambala ya siliyo ngati ilipo. Ndipo pamene pali chilema mpamene muyandikize kamera, pokalika, pong'aluka, batani lolimba, zonsezo zioneke komanso muzilembe. Ndikudziwa mtima umati bisa kuti mtengo ukwere koma wogula akatsegula katoni nkupeza zosiyana ndi zimene munalemba amadandaula, pa eBay ali ndi masiku 30 ochitira zimenezo, katundu amabwerera ndalama nkubwezedwa, yotumizira yobwererayo nkukhalanso yanu, kuonjezera apo wakulemberani ndemanga yoipa imene aliyense aziiwerenga. Mesa eBay yomweyo inayamba ndi chinthu chakufa, mu 1995 Pierre Omidyar, amene anayambitsa eBay, anagulitsa laser pointer (katochi kolozera zinthu) yowonongeka pa $14.83 atanena poyera kuti sikugwira ntchito, munthu anagulabe.

Mtengo woyambira ndi umene umasowetsa anthu tulo. Kuyamba pansi kwambiri kumakopa anthu zoona, munthu akangobida (kutchula mtengo umene angalipire) kamodzi amayamba kuchiona chinthucho ngati chake kale safuna kulandidwa. Koma zimenezi zimayenda ngati ochifuna ali ambiri. Kuli njira ya reserve, mtengo wobisika woti osafikapo katundu sapita, vuto lake imalipiritsa olo musagulitse ndipo ogula ena akaiona amangodutsa. Ine ndimati yambirani pa mtengo wotsikitsitsa umene mungaulandire osadandaula, zatha.

Masiku mumasankha 1, 3, 5, 7 kapena 10, ndipo 7 ndi abwino poti mumagwira ndi wikendi yomwe. Chofunika kwambiri ndi ola limene okushoni ikutsekera, chifukwa imatseka nthawi yomwe munaitsegulira, mukaika 3 koloko usiku idzathanso 3 koloko usiku ogula ali mtulo. Ganizirani wotchi ya kumene kuli ogula anu osati yanu, madzulo anthu ataweruka. Ndipo akatha masiku asanu mtengo uli phee musayambe kunjenjemera nkuichotsa, akatswiri amabisala mpaka masekondi omaliza kuti anzawo asapeze mpata wobwezera, mtengo utha kudumpha mu mphindi imodzi yomalizayo. Onani chiwerengero cha amene akuiyang'anira, chimakupatsani chithunzi.

Zouza m'bale wanu kapena mnzanu kuti azibida kuti mtengo ukwere, chonde ayi. Nzoletsedwa, akakugwirani akaunti imatsekedwa, mayiko ena ndi mlandu ndithu.

Za kutumiza ambiri amaziganiza mochedwa. Longedzani katundu mkatoni muyeze pa sikelo musanaike malondawo, chifukwa mtengo wotumizira mukaulakwitsa phindu lonse lathera pomwepo, musaiwalenso kuti eBay imadula gawo lake pa ndalama yonse kuphatikiza yotumizirayo. Tumizani ndi nambala ya tracking, yolondolera pamene katundu wafika, nthawi zonse, risiti musataye, jambulaninso katunduyo ali mkatoni musanamate.

Wopambana amapatsidwa masiku 4 kuti alipire, akapanda kutero mumakansela nkuikanso kapena kupatsa amene anali wachiwiri. Wina akakulemberani kuti tiyeni tikambirane pa WhatsApp ndikupatsani ndalama zambiri, kapena mwalandira imelo yoti ndalama zalowa tumizani msanga, musathamange, lowani mu akaunti yanu muone ndi maso anu kuti zalowadi, ngati sizikuoneka katoni ikhale pomwepo.