Momwe mungadzalire Mimosa pudica, chomera chopinda masamba mukachikhudza

Mimosa pudica ndi kachitsamba ka m'gulu la nyemba, kochokera ku Central America ndi South America. Mukakakhudza ndi chala, timasamba take timatsekana tiwiritiwiri, kenako tsamba lonse limawerama ngati lafota. Pakapita mphindi zingapo limatambasukanso. Kudzala kwake n'kosavuta, koma malo ake ndi mumphika wa maluwa, osati m'munda.

Yambani ndi njere. Ndi zazing'ono, zofiirira, ndipo khungu lake ndi lolimba moti mukangoziponya m'dothi zimatha kukhala nthawi yaitali osamera. Pakani njere iliyonse pa sandipepala pang'ono chabe, kungoti khungu likandike, kenako muziviike m'madzi ofunda usiku wonse. M'mawa sankhani zomwe zafufuma.

Mphika ukhale woboola pansi. Sakanizani dothi, manyowa owolerana ndi mchenga kuti madzi asamadikhe. Kwirirani njere mosazamitsa, osapitirira theka la sentimita, thirirani, n'kuika mphikawo pamalo ofunda, potentha madigiri 21 mpaka 29. Nthawi zambiri zimamera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Zikamera, zipatseni kuwala kokwanira. Pamthunzi chomerachi chimangotalika chili chowonda. Dothi likhale lachinyezi koma losachita thope. Pisani chala, ngati pamwamba pauma ndiye thirirani. Feteleza musachulutse, chifukwa mizu yake ili ndi timatuza momwe mabakiteriya amakolamo nayitrojeni, yemwe ndi chakudya cha zomera, kuchokera mumpweya.

Tsopano nkhani yokhudzakhudza ija, yomwe ambiri amalakwitsa. Patsinde pa tsamba lililonse pali kachotupa kotchedwa pulvinus. Tsamba likakhudzidwa, madzi amachoka msanga mbali imodzi ya kachotupako, mbaliyo n'kuphwa, tsamba n'kugwa. Kuti lidzukenso, chomera chimagwiritsa ntchito mphamvu kubwezera madziwo, ndipo nthawi yonse yomwe masamba ali otseka sichipanga chakudya mokwanira kuchokera ku dzuwa. N'chifukwa chake ine ndimati ana achione, achikhudze n'kusangalala nacho, koma asachisandutse choseweretsa cha tsiku lonse. Chimatopa ndithu. Madzulo masamba amatseka okha popanda wowakhudza, ndiye musathamangire kuthirira poganiza kuti chafota.

Pogwira nthambi samalani, zili ndi timinga tokhota. Muziyang'ananso kunsi kwa masamba: mukaona timaukonde tonga ta kangaude ndi madontho achikasu, ndiye kuti agwidwa ndi tizilombo, tsukani masambawo ndi madzi.

Chikakula chimatulutsa maluwa apinki, ozungulira ngati timipira taubweya, ndipo pambuyo pake timakoko tamingaminga. Apa m'pofunika maso. Timakokoto tikauma timaduka tizidutswa tokhala ndi njere imodziimodzi, timamatira ku zovala ndi ku ubweya wa nyama. Umu ndi momwe chomerachi chasandukira udzu wovuta kumpoto kwa Australia, kuzilumba za Pacific ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia, komwe chimayanga m'minda ndi m'malo odyetsera ziweto. Chilinso ndi poizoni wotchedwa mimosine, yemwe amadwalitsa ziweto zikadya chambiri.

Choncho dulani timakoko tisanaume. Siyani ochepa okha a mbewu, akakhwima muwathyolere m'botolo lotseka bwino. Otsalawo, pamodzi ndi nthambi zomwe mwadula, muwotche, musawataye m'dzenje la zinyalala kapena pa mulu wa kompositi.