Nkhope zinkada pazithunzi zanga

Mwezi wa Okutobala ndinapita mumzinda wa Tete kukaona achemwali anga, ndipo ndinawajambula pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, mtsinje wa Zambezi uli kumbuyo kwawo. Nditabwerera kwathu ku Ulongwe n'kuyang'anitsitsa zithunzizo, mtima unandiwawa. Madzi ndi thambo zinaoneka bwino, koma nkhope ya achemwali inali bii, maso okha akuoneka pang'ono.

Poyamba ndinkayesa kuti kamera yanga yakale ya Canon yawonongeka. Ayi ndithu. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse, ndiye ikaona madzi akunyezimira ndi dzuwa loswa mtengo la ku Tete lija, imachepetsa kuwalako, khungu lathu lakudali n'kumira mumdima.

Ulendo wachiwiri ndinakanikiza batani lolembedwa +/- n'kukweza mpaka pa +1 kuti chithunzi chiwale kwambiri, koma ISO, muyeso wa m'mene kamera imamvera kuwala, ndinaisiya pa 100. Achemwali ndinawapempha kuti atembenuke, dzuwa liziwawomba cham'mbali, ndipo tinadikira mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litapepa. Thambo linayererako, koma zimenezo sizinandidandaulitse. Nkhope inatuluka yonse, kumwetulira kwawo kukuonekeratu. Chithunzicho amayi anachipachika pabalaza.