Zoyenera Kuchita Ampulifaya ya M'galimoto Ikakana Kuyaka

Musanayambe, pezani multimeter (chipangizo choyezera magetsi), sikuludiraiva, sandipepa, kachingwe kakafupi ndi fyuzi yatsopano yofanana mphamvu ndi yakale.

1. Yezani batire injini itazima. Yabwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6.

2. Onani fyuzi ya pafupi ndi batire komanso ya pa ampulifaya. Ngati yapsa, musaikepo yaikulu kapena kulumikiza ndi waya, chifukwa mungatenthe galimoto yonse.

3. Yezani pa ampulifaya pakati pa B+ (polowera magetsi ochokera ku batire) ndi GND (polumikiza waya wa negativi wopita kuchitsulo cha galimoto). Payenera kuoneka mavoti ofanana ndi a batire.

4. Chotsani chingwe cha negativi pabatire, kenaka masulani waya wa GND pamene wamangidwa kuchitsulo cha galimoto, mupale penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, n'kumanganso zolimba, popeza maenje a m'misewu ya m'makomboni a Lusaka amakhwefula mabawuti.

5. Bwezerani chingwe cha batire, muyatse wailesi, muyeze ngati magetsi akufika pa REM (polumikiza waya wochokera ku wailesi umene umayatsa ampulifaya). Apa m'pamene ambiri amasokera, chifukwa amalumikiza waya wabuluu wa eriyo, umene pamawailesi ena umapereka magetsi pomvera FM kapena AM pokha, m'malo mwa wabuluu wa mzere woyera.

6. Gunditsani B+ ku REM ndi kachingwe kwa kanthawi kochepa. Ampulifaya ikayaka, vuto ndi waya wa REM kapena wailesi. Ikakanabe, yawonongeka m'kati, ndipo muipereke kwa amisiri.