Momwe mungasankhire msewu pokoka galimoto ya mpikisano ndi pikapu yaing'ono

Mapu a mufoni akamakulozerani njira yachidule, amawerengera galimoto yoyenda yokha. Sadziwa kuti kumbuyo kwa pikapu yanu kuli ngolo yosenza galimoto ina, ndiponso sadziwa mmene dzuwa limaswera mtengo ku Tete mu Okutobala ndi Novembala. Njira ya wokoka ngolo imasankhidwa poona zikweza, kutentha ndi malo oimapo. Makilomita amabwera pambuyo.

Yambani ndi kulemera

Musanatsegule mapu, tengani cholembera. Tiyerekeze kuti galimoto ya mpikisano ikulemera makilogalamu 1,100, ngolo yopanda kanthu 600, ndipo matayala apadera, jeke, zipangizo ndi zigubu za mafuta 200. Zonse pamodzi ndi 1,900. Nambala imeneyi muiyerekeze ndi ya kulemera kololedwa kukoka imene yalembedwa m'buku la pikapu yanu, komanso pa kachitsulo ka pa chokokera. Mwa ziwirizi, yocheperapo ndiyo malire anu. Ngolo yopanda mabuleki akeake siyenera kupitirira makilogalamu 750, choncho galimoto yathunthu imafuna ngolo ya mabuleki, makamaka ya matayala anayi.

Ngati katundu wayandikira malirewo, njira iliyonse ya zitunda zazitali muichotseretu, ngakhale yozungulira itawonjezera maola awiri.

Zikweza ndi mitsetse

Apa ndi pamene pagona nkhani m'chigawo chathu cha Tete, ku Mozambique. Tauni ya Ulongué, ku Angónia, ili pamwamba kupitirira mamita 1,200, pomwe mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pansi pa mamita 200. Wochokera ku Angónia pa msewu wa N304 kukalowa N7 pa Mussacama, kenako Moatize, amatsika mamita oposa 1,000, ndipo pobwerera amakwera omwewo.

Ambiri amaopa kukwera, koma chimene chimapha ndi kutsika. Mukamapondereza buleki nthawi yaitali, mapadi amatentha mpaka kusiya kugwira. Mafuta a mabuleki akakhala akale amakhala atayamwa chinyezi, ndiye amawira, phazi n'kungomira mpaka pansi ngolo ikukukankhani. Chizindikiro choyamba ndi fungo la chinthu chopserera. Lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetse, osati muli pakati pake. Giya imene mungakwere nayo chitundacho ndi yomweyo yotsikira. Pondani buleki mwamphamvu pang'ono, liwiro litsike, musiye kuti izizire, kenako mubwerezenso.

Pokwera, diso likhale pa muvi wa kutentha kwa injini. Ukayamba kusuntha, zimitsani choziziritsa mkati, bwererani giya imodzi kuti injini izungulire momasuka. Ukapitirirabe, imani pamalo otetezeka, injini muisiye ikulira pang'onopang'ono. Chivundikiro cha radiyeta musachikhudze ili yotentha, madzi ake amasupula khungu. Pikapu ya giya yosintha yokha imavutika kwambiri apa, chifukwa mafuta a m'bokosi la magiya amatentha msanga ikamasinthasintha pachitunda, choncho ikhomereni pa giya imodzi.

Msewu wokwera ku Songo, kufupi ndi damu la Cahora Bassa, uli ndi makona okhota kwambiri paphiri. Umenewo si wophunzirirapo kukoka ngolo.

Mlatho uti?

Pa Tete pali milatho iwiri. Wa Samora Machel umakulowetsani pakati pa mzinda, pomwe pali njinga zamoto, oyenda pansi ndi kuimaima kosatha, zomwe zimadya kilatchi. Wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda, umakulambalalitsani zonsezi. Ngati mulibe chochita m'tauni, dutsani pa Kassuende, ndipo ndalama ya pachipata cholipirira ikhale pafupi, ya meticais.

Chigawo cha Moatize mpaka Zóbuè chimadzaza ndi malole opita ku Malawi. Kuwapitirira muli ndi ngolo kumafuna msewu wautali kuposa umene munazolowera. Mukakayika, khalani kumbuyo kwake.

Kumene mukupita

Wochokera ku Tete kupita ku bwalo la mpikisano la Donnybrook ku Harare atsata N7 mpaka Changara, n'kukhotera N8 kukatulukira pachipata cha malire cha Cuchamano, mbali ya Zimbabwe ndi Nyamapanda. Ndi ulendo wa tsiku limodzi ngati mapepala ali bwino. Wopita ku bwalo la ATCM, bungwe la masewera a magalimoto, ku Maputo ali ndi makilomita oposa 1,500: N7 kudzera Guro ndi Catandica, N6 kudutsa Chimoio mpaka Inchope, kenako N1 kulowera kummwera. Ndi ngolo, ulendo umenewu muugawe masiku atatu. Musananyamuke funsani oyendetsa malole ndi mabasi amene adutsa sabata yomweyo za maenje a pa N1, makamaka pakati pa Inchope ndi mtsinje wa Save. Msewu umasintha mvula iliyonse, mapu satsatira zimenezo.

Njira zafumbi zodulira zisiyeni, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ngolo ikatitimira m'matope, pikapu yaing'ono siingaizule, ndipo pamsewu wopapatiza mulibe potembenukira.

Ngati mukuwoloka malire, pikapu, ngolo ndi galimoto yokwezedwayo chilichonse chikhale ndi mapepala ake, kuphatikiza chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi ndi inshuwalansi. Magalimoto a mpikisano nthawi zambiri amakhala osinthidwa injini, ndiye nambala ya injini ikasiyana ndi ya papepala, mudzagona pachipata. Konzani zimenezi kudakali masiku. Pamisewu ya Mozambique wokoka ngolo amafunikanso kukhala ndi zizindikiro ziwiri zofiira zoika pamsewu ndi chovala chonyezimira.

Nthawi, mafuta ndi poima

Nyamukani kukungocha, kuti chigwa cha Zambezi ndi Changara muchidutse dzuwa lisanafike paliwombo. Kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo phula lotentha limaphulitsa matayala a ngolo amene mpweya wachepa. Pimani mpweya m'mawa matayala ali ozizira. Usiku musayende: mbuzi ndi ng'ombe zimagona pamsewu, malole owonongeka amaima opanda magetsi, ndipo dzenje mumaliona mutafika kale.

Mafuta muwerengere mowolowa manja. Pikapu imene imamwa malita 9 pa makilomita 100, ikamakoka muiwerengere 13 kapena 14. Lembani malo othirira mafuta a panjira, ndipo muzithira thanki ikafika theka. Liwiro la makilomita 80 pa ola ndi lokwanira, m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu muchepetse kwambiri. Mahampu muziwakwera ngati mukuyenda pansi.

Mukayenda makilomita 20 oyamba, imani pamalo athyathyathya. Kungani malamba onse anayi omangira galimoto pangolo, chifukwa amakhwefuka galimoto ikakhazikika. Gwirani pakati pa gudumu lililonse la ngolo ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwabwino, koma limodzi likatentha kuposa anzake, beringi yayamba kutha kapena buleki ikugwira yokha. Bwerezani zimenezi maola awiri aliwonse.

Ngolo ikayamba kugwedeza mchira, nthawi zambiri ndiye kuti katundu wachuluka kumbuyo kwa matayala ake. Musaponde buleki mwadzidzidzi, musalimbane ndi chiwongolero. Chotsani phazi pamoto, gwirani chiwongolero molunjika mpaka ikhazikike. Mukaima, sunthirani galimotoyo kutsogolo masentimita 10 kapena 15, mbali ya injini ikhale kutsogolo, ndipo muone kuti pikapu ndi ngolo zaima mofanana, osati kumbuyo kwa pikapu kutaphwathalala magetsi akuloza kumwamba.