Momwe mungayezere ngati malonjezo a chaka cha 2000 anakwaniritsidwa

Mu September 2000 mayiko 189 anagwirizana ku likulu la United Nations ku New York kuti alimbane ndi umphawi, njala, matenda ndi umbuli. Pamgwirizanowu panatuluka zolinga 8, zotchedwa Millennium Development Goals (MDGs), ndipo malire ake anali 2015. Wina akamati zolingazo zinatheka kapena zinalephera, mutha kumuyesa nokha ndi cholembera ndi kakyuleta ya pafoni.

Choyamba, pezani chaka choyambira. Ambiri amagwa pomwepa, poganiza kuti kuwerenga kumayambira 2000. Ayi. Zolinga zambiri zinkayezedwa kuyambira 1990, kotero zomwe mayiko anachita zaka khumi asanasainirane zinawerengedwa nawo.

Kenako werengerani pofikira. Cholinga chachinayi chinali kuchepetsa imfa za ana osakwana zaka zisanu ndi magawo awiri mwa atatu. Mu 1990, mwa ana 1,000 obadwa amoyo padziko lonse, pafupifupi 90 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Gawani 90 patatu, mupeza 30: apo ndiye pofikira. Mu 2015 nambala inali 43. Kuti mudziwe kuti yatsika motani, chotsani 43 pa 90, mugawe ndi 90, muchulukitse ndi 100. Yankho ndi 52 peresenti, pomwe pankafunika 67. Ana ochuluka anapulumuka, koma cholinga sichinafikidwe. Chitani chimodzimodzi ndi Malawi, yemwe anachoka pa 242 kufika pa 64 malinga ndi ziwerengero za United Nations za 2015: mupeza 74 peresenti, kupitirira mlingo.

Pa umphawi mpamene pafunika maso. Musasakanize gawo la anthu ndi chiwerengero cha anthu. Kumwera kwa chipululu cha Sahara, World Bank inapeza kuti osaukitsitsa anatsika kuchoka pa 54 peresenti mu 1990 kufika pa 41 peresenti mu 2015, koma mitu ya anthu inakwera kuchoka pa 278 miliyoni kufika pa 413 miliyoni. Zonse ziwiri nzoona, chifukwa anthu ankachulukana mofulumira kuposa momwe umphawi unkachepera. Wandale amasankha nambala yomukomera. Inu lembani zonse ziwiri moyandikana.

Funsaninso kuti agwiritsa ntchito mzere uti wa umphawi, kutanthauza mlingo wa ndalama za patsiku womwe munthu wosaufikira amawerengedwa kuti ndi wosaukitsitsa. Unayamba pa dola imodzi patsiku, unakhala $1.25 mu 2008, $1.90 mu 2015, ndi $2.15 mu 2022. Nambala zochokera pa mizere yosiyana siziyerekezeka, monga simungayerekeze chimanga choyezedwa m'chidebe ndi choyezedwa pa sikelo. Ndipo dola imeneyi si ya kubanki. Imawerengedwa potengera zomwe ndalama ingagule m'dziko lililonse, ndiye musaichulukitse ndi mtengo wa kwacha wa lero; mupeza zabodza.

Nambala ya dziko lonse lapansi muziiphwanya m'zigawo. Cholinga chochepetsa umphawi ndi theka chinatheka nthawi isanakwane, koma mbali yaikulu inachokera ku China, komwe anthu mazanamazana miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni. Nambala imodzi ya dziko lonse imaphimba zimenezi.

Onaninso kochokera nambala. M'mayiko momwe imfa zambiri sizilembedwa m'kaundula, ziwerengero zimachokera ku kafukufuku wa m'makomo, monga Demographic and Health Survey ya 2015-16 yomwe inayendetsedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Kafukufukuyu sachitika chaka chilichonse, choncho nambala za zaka zapakati nzongoyerekeza, ndipo zimakonzedwanso pakabwera kafukufuku watsopano. Nthawi zonse lembani chaka cha lipoti lomwe mwatengamo.

Zolinga 17 zatsopano za Sustainable Development Goals (SDGs), zomwe mayiko anagwirizana mu 2015 kuti zilowe m'malo mwa MDGs, zina zimayezedwa mwina. Pa imfa za ana palibenso zogawa patatu: dziko lililonse likuyenera kufika pa 25 kapena kuchepera apo mwa ana 1,000 pofika 2030, posatengera komwe linayambira.