Momwe mungafukulire ngalande yakale ya m'dera lanu mvula isanagwe

Ngalande ya m'dera lathu kuno ku Blantyre ndi yakale kuposa ambiri a ife. Akuluakulu amati inamangidwa nthawi ya Kamuzu, ya miyala yoyalidwa bwino, ndipo madzi ake amakathera mu mtsinje wa Mudi. Koma ife tinakula tikuidziwa ngati dzala: majumbo, mabotolo, matewera a ana, mchenga mpaka pakamwa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi n'kulowa m'nyumba za kumunsi, m'pamene tinakumbukira kuti pansi pa zinyalalazo pali njira ya madzi.

Musaganize kuti kufukula ngalande ndi ntchito ya osauka okha. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, anagwetsa msewu waukulu wam'mwamba mu 2003 kuti mtsinje wa Cheonggyecheon, womwe anauvundikira ndi konkire, uonekenso, ndipo anautsegula mu 2005. Ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, ngalande yomwe anaikwirira kuti pakhale msewu wa galimoto inayambanso kuyenda madzi mu 2020. Anzathuwo anagwiritsa ntchito makina ndi ndalama zankhaninkhani, ife fosholo ndi msonkhesonkhe, koma nzeru yake ndi imodzimodzi: madzi saiwala khwawa.

Yambani ndi anthu, osati khasu. Kaonaneni ndi a mfumu ndi a khansala, kenako mukadziwitse a khonsolo ya mzinda, chifukwa ngalande ndi yawo ngakhale anthu amaiona ngati yopanda mwini. Funsaninso a Water Board komwe mapaipi awo anadutsa. Pa msonkhano woyamba nenani poyera kuti aliyense amene anamanga bafa kapena mpanda pamwamba pa ngalande ayenera kusuntha. Mukaopa kuzinena tsiku loyamba mudzazinena ntchito ili pakati, anthu atapsa kale mtima.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Julaye mpaka Seputembala. Juni kuno amakhala ndi chiperoni, matope sauma. Mukadikira Okutobala ndiye kuti mukupikisana ndi mitambo.

Kufukula kwenikweniko sindikuphunzitsani, aliyense amadziwa kugwira fosholo. Ingoyambirani kumunsi, komwe madzi amatulukira, muzikwera chokwera, ndipo kalavati ya pamsewu muichotse mchenga poyamba penipeni. Magambuti ndi magolovesi musanyengerere. Muli magalasi osweka, muli zonyansa za m'zimbudzi, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Zomwe mwafukula zichoke tsiku lomwelo, musaziunjike m'mphepete. Miyala yakale mukaipeza isungeni pambali, mudzaifuna, ndipo ikani munthu woiyang'anira, chifukwa usiku imamera miyendo n'kukapezeka pa fawundeshoni ya wina.

Tsopano pamene tinagwa ife: kumanganso makoma a m'mbali.

Titafukula tinapeza kuti malo ena miyala ili bwinobwino, malo ena inagumuka. Pamakoma akalewo tinaona timabowo tating'onoting'ono, tina titatsekeka ndi dothi. Tinkati ndi simenti yomwe inathothoka ndi ukalamba. Mnyamata yemwe tinamulemba ganyu, amene anatiuza kuti anagwirapo ntchito zamisewu, anati titseke tonse ndipo tipake pulasitala kuti pakhale posalala. Tinavomera, chifukwa zinkaoneka zokongola. Anthu ankaima n'kumajambula.

Mvula ya Disembala inadutsa popanda vuto. Chakumapeto kwa Januwale, itagwa masiku angapo osalekeza, tinadzuka m'mawa n'kupeza khoma lonse la mbali ya kumtunda litagwera m'kati mwa ngalande ngati munthu walikankha. Silinagwe ndi madzi oyenda m'ngalandemo ayi. Linagwa ndi madzi a kuseri kwake. Dothi likakhuta mvula limalemera, madziwo amafuna potulukira, ndipo timabowo tomwe tinatseka tija ndito tinali potulukira pake. Amisiri akale sanali opusa. Miyala itatseka njira, madzi anapatuka n'kulowa m'khitchini mwa amayi ena achikulire omwe anasonkha nawo ndalama. Anangondifunsa kuti, "Achimwene, chitukuko chija ndi chimenechi?" Ndinasowa pogwira.

Ndiye pangani chonchi. Khoma lisaime chilili, litsamire pang'ono ku dothi. Kumbani kamsingi pansi kuti mzere woyamba wa miyala ikuluikulu ukhale m'munsi mwa poyenda madzi, apo ayi madzi adzakumba pansi pake. Dulani paipi ya pulasitiki ya mamilimita 50 m'zidutswa zotalika ngati kunenepa kwa khoma, muziika chidutswa chimodzi pa mita iliyonse kapena mita ndi theka, chopendekera pang'ono m'ngalande. Kuseri kwa paipi iliyonse thirani kwale kapena timiyala ting'onoting'ono kuti dothi lisatseke. Pokwirira kuseri kwa khoma muzithira pang'onopang'ono n'kumatsindira, osangokhuthula wilibala yonse. Matope omangira akhale thumba limodzi la simenti ku mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje. Mmisiri akakuuzani kuti atatu kapena anayi "zimagwira bwinobwino", yang'anani m'chikwama chake madzulo. Pulasitala musapake, ingotsekani mipata ya pakati pa miyala. Mukamaliza muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7.

Za simenti ndinenepo. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umasintha musanamalize n'kusonkha komwe, choncho ndalama zikakwana matumba asanu gulani asanuwo, musadikire kuti zikwane makumi awiri. Koma musaike pansi, yalani matabwa. Wogulitsa wina anatipatsa pamtengo wotsika mokayikitsa, titatsegula tinapeza mibulu youma ngati miyala. Lipapaseni thumba musanalipire, ndipo likamapepuka m'manja kanizani, alipo amene amapungula n'kusokanso. Mchenga nawonso: tapani pang'ono, thirani m'botolo la madzi, khutchumulani n'kusiya. Pamwamba pa mchenga pakakhala matope ambiri, lole ibwerere. Ena amadzaza dothi pansi, mchenga wabwino pamwamba pokha, ndiye pisani dzanja m'kati, kapena auzeni akhuthule muli pomwepo.

Kutsetsereka kwa ngalande yesani ndi paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi, zikhomo ndi chingwe. Levulo ya mmisiri ndi yaifupi, siingakuuzeni zoona pa mtunda wautali. Mukatsata pansi pomwe akale anayala, nthawi zambiri simusochera. Pamalo otsetsereka kwambiri ikani masitepe a miyala kuti madzi azichepa liwiro.

Zotsalazo n'zosavuta. Dzalani udzu wa vetiva m'mphepete mvula ikayamba, ndipo mbeu yake pemphani kwa alimi, musagule. Mitengo ikhale patali ndithu ndi khoma, mizu imang'amba. Ikani timilatho ta konkire pomwe anthu amawolokera, apo ayi adzakwiriranso kuti njinga zizidutsa. Pakamwa pa kalavati ikani sefa yazitsulo, muiwotcherere kapena muimangirire m'konkire, chifukwa ogula zitsulo zakutha amayenda m'mawa kwambiri.

Za zinyalala tinagwirizana kuti banja lililonse lizisesa chigawo choyang'anana ndi nyumba yake Loweruka loyamba la mwezi, ndipo wopezeka akutaya alipire kwa a mfumu. Majumbo opyapyala analetsedwa kuyambira 2015 koma akadali ponseponse, ndiye sefa ija muzikaiona mvula iliyonse ikangokata.