Mmene Mungazindikirire Tchizi Wolukidwa wa ku Armenia, Georgia ndi Russia

Kalukidwe ka tchizi pakokha sikangakuuzeni dzina lake, chifukwa m'masitolo a ku Russia tchizi aliyense wolukidwa amangomutchula kuti kosichka, kaya ndi chechil kapena sulguni. Chimene chimaulula mtundu wake ndi ulusi wake, choncho musanalawe, masulani kaye nsonga imodzi ya chingwecho n'kuing'amba cham'litali ndi zala.

Ngati chingwecho chikugawika mosavuta n'kutulutsa timaulusi tatitali, touma ndiponso tolimba potafuna, mwagwira chechil, tchizi amene kwawo kwenikweni ndi ku Armenia ndi madera oyandikana nako a kum'mawa kwa Turkey. Amamupanga potenthetsa mkaka woundana mpaka utayamba kutamuka, kenako amaukoka mobwerezabwereza, kuuluka ndi kuuviika m'madzi amchere. Nthawi zambiri mkakawo amakhala atauchotsa mafuta, n'chifukwa chake chechil sanona ndipo mchere wake umamveka msanga pa lilime. Ukakhala kuti wanyanya, muviikeni m'madzi ozizira kwa kanthawi. Anthu a ku Russia amakonda chechil wofukizidwa utsi, amene amadyera pomwa mowa, koma ku Gyumri, m'chigawo cha Shirak ku Armenia, kuli chechil wina amene amamusunga dala mpaka atachita chuku chobiriwira, ndipo ogula amamufunira chukucho.

Mukaona tinjere takuda tamwazikana m'chingwe choyera, musaganize kuti ndi zinyalala. Ndi njere za chomera chotchedwa nigella, zimene Aarmenia okhala ku Syria ndi ku Lebanon amathira mu tchizi wawo wolukidwa, ndipo ameneyu amakhala wofewa komanso wa fungo lokoma.

Sulguni, amene kwawo ndi ku Samegrelo kumadzulo kwa Georgia, ndiye amasokoneza ogula ambiri. Mwamwambo salukidwa ayi, koma amakhala wobulungira ndi wophwatalala, ndipo amapangidwa ndi mkaka wa ng'ombe kapena wa njati zoweta. Mukamudula mumaona kuti mkati mwake ndi mosanjikizana, ndipo mukamufinya amatulutsa timadzi toyera n'kubwerera m'malo mwake. Ngakhale atamuluka pofuna malonda, zingwe zake zimakhala zonenepa ndi zonyowa, ndipo pong'amba zimasendeka m'malo mogawika timaulusi. Pamene mukukayikabe, ikani kachidutswa pa chiwaya chotentha: sulguni amasungunuka bwino n'kumatamuka, n'chifukwa chake a ku Samegrelo amamuvundulira mu elarji, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa ngati nsima. Chechil wouma sachita zimenezi mosavuta.

Wosowa kwambiri pa onsewa, amenenso ine ndimaona kuti ndi wa luso lapamwamba, ndi tenili wa ku Meskheti kum'mwera kwa Georgia. Ameneyu salukidwa chingwe chokhuthala, koma amayi amamukoka ndi manja m'madzi otentha mpaka ulusi wake utapyapyala zedi, kenako amamusakaniza ndi mafuta a mkaka n'kumupanikiza mumtsuko wadothi kuti akhwime. Mu 2013 dziko la Georgia linaika kapangidwe kameneka pa mndandanda wa miyambo yofunika kuitchinjiriza. Tchizi wokulungidwa m'pulasitiki wa zingwe zokhuthala sangakhale tenili, ngakhale wogulitsa atanena motsimikiza.

Za utsi nazo zimafuna diso. Tchizi amene anafukizidwa pa nkhuni amakhala wofiirira mosafanana, wakuda pang'ono kunja koma wotuwa mkati ndi m'malo amene zingwe zinapanikizana. Amene mtundu wake ndi umodzi paliponse, mpaka mkati, nthawi zambiri amakhala woviikidwa m'madzi okometsa a fungo la utsi. Pomaliza werengani chikalata cha pa paketi, ndipo ngati mwa zosakaniza muli mafuta ochokera ku zomera, dziwani kuti ameneyo si chechil kapena sulguni wamwambo.